Mzere wa Choko

Lachitatu m'mawa, ku Lizulu kukuzizira.
Chifunga chalowera pa zenera lopanda galasi
n'kukhala pa benchi ya kumbuyo ngati wobwereza kalasi.
Ndajambula nyanja pa bolodi,
yaitali, yowonda, ngati khoko la nyemba,
ndipo ndadutsitsa mzere pomwe buku landiuza.

Fulujensiyo wakweza mkono.
Kwawo ndi kutsidya kwa tala mnyamatayu,
m'mawa uliwonse amawoloka dziko ndi mapazi khumi,
choopa chake ndi basi ya ku Lilongwe yokha.
"Aphunzitsi, pa kalendala ya atate anga
madzi omwewa alembedwa Niassa."
Ndisanayankhe, Nangozo wadzuka:
wamva pa wailesi kuti a ku Tanzania
akufuna malire adutse pakati pa madzi.
"Nanga mzerewo umakhala bwanji pamadzi osamira?"

Kalasi yafa nalo phwete.
Ine choko chandithyokera m'manja.

Mwa ana onsewa, anaionapo nyanja ndi anayi.
Enawa amaidziwa ndi mphuno,
tsiku la msika Che Ajidu akakwera Khwekhwelere
pa lole yotsokomola, madengu a usipa ali pamwamba.
Amalandira kwacha, amalandira metikashi,
potsika abereka kachewere ndi kabichi
wolimidwa mbali zonse ziwiri za msewu.
Safunsa kuti munda wake ndi wa dziko liti.
Amangofinya mbatata, aone ngati yalowa mphutsi.

Ndikanawauza zambiri ana awa
koma pirodi ndi mphindi makumi atatu.
Kuti mapiri omwewa anatsikapo anthu m'magoli
kukakwezedwa m'zombo zosabwerera,
mokwera mukubwera mikanda, nsalu, mfuti za gogodera
ndi mawu ena omwe lero timayesa ndi athu.
Kuti azungu omwe sanalawepo utaka
anakhala pa tebulo kwawo, rula m'manja,
nagawana madzi omwe sanasambemo.
Kuti ine ndili wamng'ono ngati iwo
tinkagona kunsi kwa bedi mfuti zikalira kutsidya,
sitolo zija mpaka pano zili ndi nthomba m'makoma,
ndipo mayi a Fulujensiyo anabadwira mumsasa
kuseri kwa tchalitchi chathu chino.

Mchimwene wanga Zakeyu ndi msilikali wa pamadzi.
Anabwera pa Khirisimasi, khungu litada bii.
Akuti usiku amaimitsa mabwato ndi tochi,
kufunsa mapepala kwa anthu onyowa mpaka m'khosi,
wina ayankha m'Chinyanja, wina m'Chiyao, wina m'Chiswahili,
onse akutapa madzi ndi chigubu chodula.
Akuti mwera ukauka sufunsa mbendera.
Chaka chatha unawalanda msodzi wina, ati,
n'kukamutula kugombe la eni.
Anthu a kumeneko anamusambitsa, namukulunga,
namuika pakati pa akufa awo,
kenaka n'kuyamba kufunsa kuti kodi anali wa kuti.
Zakeyu ananena izi akupukuta nsapato zake za ntchito,
Lolemba anabwerera kukalondera mzere uja.

Sindikunena kuti malire ndi chibwana.
Ndinamvapo kulira kwa mfuti, ndikudziwa
chimene anthu amachita mzere ukasuntha chala chimodzi.
Ndikamva za mafuta a pansi pa madzi
ndimaganiza za mchimwene wanga, tulo osabwera.

"Pa mayeso," ndawauza, "mulembe za m'buku."
Mawu anga atuluka ouma ngati chimanga chokazinga.

Wina wamenya rimu lija pa mtengo wa mkungudza.
Nangozo wafufuta bolodi ndi mkono wa juzi,
nyanja yonse yasanduka fumbi loyera,
lina latera pa tsitsi la Fulujensiyo.
Ndamuona pa zenera ataima m'mbali mwa tala,
wayang'ana kumanja, wayang'ana kumanzere,
wawoloka nalo.